Wojambula screenshot si kazitape

Chaka cha chilala chija, 2024, chimanga chitauma m'minda chisanabereke, m'gulu lina la WhatsApp la kwathu kuno munaikidwa mndandanda wa anthu oti akagwire ntchito yolipidwa. Unaikidwa usiku, ambiri atagona. Amene anali ndi bandulo anauona, m'mamawa nauza anzawo a mafoni a mabatani pa njira ya kumtsinje. Koma dzuwa lisanakwere, pamalo pa mndandanda uja panatsala kamzere kotuwa konena kuti uthengawo wafufutidwa. Masana kunabwera mndandanda wina. Maina anayi anali atasowa, ndipo m'malo mwake munalowa maina ena anayi amene tonse tikudziwa kuti eni ake amadyera mbale imodzi ndi wolembayo.

Msungwana wina wa kusekondale anali atajambula screenshot ya mndandanda woyamba. Sanajambule pofuna mlandu ayi. Dzina la amai ake linalipo, ndiye anafuna kukawaonetsa, poti amaiwo sakhulupirira za kumva. Pa msonkhano wa pansi pa mtengo atatulutsa foni n'kuonetsa anthu, palibe anamuthokoza. "Iwe mwana, unaleredwa ndi ndani? Ukujambula mawu a akuluakulu monga ndiwe wapolisi?" Madzulo omwewo anamuchotsa m'gulumo, ndipo woyang'anira gulu anatchera kuti uthenga uliwonse uzidzifufuta wokha pakatha maola 24.

Ife amene timathandiza pa wailesi ya m'dera tikunena poyera kuti mwanayo sanalakwe. Olakwa ndi aja anamukalipira, komanso ife amene tinasoka pakamwa tsiku lija poopa kuoneka opanda mwambo. Kujambula ndi kusunga screenshot ya uthenga wokhudza anthu onse ndi ntchito imene aliyense wokhala ndi foni yotsetsereza chala ayenera kuiphunzira, monga anaphunzirira kusunga reji ndi khadi la kusikelo m'kapulasitiki pansi pa sutikesi.

Taganizirani mmene zinthu zasinthira tili maso. Kale chidziwitso chinali pepala. Linkamatidwa pa bolodi ku boma, pa khoma la sukulu kapena pa chitseko cha kiliniki, lili ndi chidindo, tsiku ndi siginecha. Wofuna kulisintha ankayenera kukalimatula dzuwa likuswa mtengo, anthu akumuona, ndipo akadafunsidwa. Lero bolodi lija linasamukira m'foni, ndipo bolodi latsopanoli lili ndi khalidwe lake. Pa WhatsApp munthu angathe kukonza mawu amene watumiza mkati mwa mphindi 15, ndipo ena onse amangoona kachizindikiro koti mawuwo akonzedwa, osaona zimene zinalipo poyamba. Angathe kufufuta uthenga m'mafoni a anthu onse ngakhale patapita masiku awiri. Woyang'anira gulu angathe kufufutanso uthenga wa munthu wina. Pali kawotchi kochititsa kuti zonse zizisowa zokha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Zoika pa Status nazo zimakhala tsiku limodzi basi. Opanga WhatsApp sitikuwaimba mlandu: iwo anapangira macheza, ndipo pa macheza munthu ayenera kukhala ndi mpata wobweza mawu. Ndife tinatenga chida cha macheza n'kuchisandutsa bolodi la zidziwitso. Tsono bolodi lodzipukuta lokha limakomera ndani, wolemba kapena wolembedwa?

Funsoli likadakhala laling'ono zikadakhala kuti mindandanda imeneyi ndi ya kwaya chabe. Koma mu 2021 ndalama za CDF zinali K1.6 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse, mu 2022 zinakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo zakhala zikukwerabe. Ndalama zimenezo zimafika kwa munthu kudzera m'maina: maina a ana olipiriridwa sukulu, maina a makalabu a amai ndi a achinyamata, maina a opatsidwa ngongole. Fetereza nayenso ndi maina. Thandizo la okalamba ndi maina. Sitikuloza chala ofesi iliyonse pano. Tikungonena kuti pamene mndandanda ndiwo ukugamula amene adye ndi amene agone ndi njala, mndandanda woyamba ndi chinthu cha mtengo wapatali, ndipo sungasungidwe ndi wolemba yekha.

Amene amadana ndi screenshot amayamba ndi mawu oti ulemu. Amati kujambula zimene mkulu walemba n'kumutchera msampha, ndipo mudzi umene anthu akujambulana watha. Mbali ina tikuvomereza. Pali anyamata amene amajambula mauthenga a chibwenzi n'kumaonetsa anzawo pa shitolo. Pali amuna amene ukwati ukatha amamwaza zithunzi za mkazi m'magulu. Pali amai amene amajambula zimene mnzawo anawauza akulira n'kuzitumiza kwa apongozi ake. Amenewo ndi nkhanza zenizeni, ndipo pa wailesi takhala tikuzidzudzula. Koma mndandanda wa ntchito yolipidwa ndi ndalama za anthu si nkhani ya kuchipinda. Wolemba mndandanda wotere salemba monga malume a uje kapena mkulu wa mpingo, amalemba monga wantchito wa anthu amene maina awo akulemba. Akafuna chinsinsi pa ntchito imeneyo, wafuna chinthu chimene si chake.

Ndiponso mwambo umene akuutchulawo suli kumbali yawo. Makolo athu, kaya kwa a Mfumu Mphuka kaya kwa a Mfumu Mburuma, sankagawa munda anthu awiri okha. Nduna inkaitana mboni, malire ankayendedwa anthu akuona, ndipo ankaloza mlambe kapena chulu kuti mwana wobadwa mawa adzapeze chizindikiro. Chimalo sichinkaperekedwa mumdima. Mbuzi ya mlandu inkaperekedwa pa bwalo. Kodi munamvapo mboni ya pa bwalo ikutchedwa kazitape? Anthu akale ankadziwa kuti mtima wa munthu umatembenuka njala ikafika, ndiye ankaika maso ambiri pa chinthu chimodzi, osati chifukwa choda mfumu, koma kuti mfumu yomweyo isadzanamiziridwe. Mwana uja anachita ntchito ya mboni. Chosiyana n'chakuti mboni yake inali m'thumba la siketi.

Pali chinthu chimodzi chimene tingamulangize, ndipo tikulangiza aliyense. Mindandanda yambiri imakhala ndi manambala a reji ndi a foni, zimene akuba a pa foni amazifuna usiku ndi usana. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act la 2021, koma ngakhale popanda lamulo nzeru yokha ikukwana: sungani chithunzi chathunthu kwanu, ndipo chimene mukutumiza kwa ena muyambe mwaphimba manambalawo.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yolimba kuposa yoyamba, ndipo sitiizemba. Amati screenshot imapekedwa. Zoona. Mwana wa giredi 9 wodziwa kuseweretsa foni angasinthe dzina, nambala kapena tsiku pa chithunzi nsima isanapse. Tikudziwa amai ena ogulitsa nsomba zouma amene anatumiza mtolo wa pende pa galimoto yopita ku Luangwa Bridge atangoona screenshot yonena kuti K850 yalowa. Wogulayo anali wa mawu okoma pa foni, ankawatchula kuti "amai anga". Amaiwo atapita pa buthi kukatapa, munalibe ngakhale ngwee. Chithunzicho chinali ndi zonse, mtundu wake, tsiku lake, nambala yaitali ija, koma ndalama zinalibe. Choncho pa malonda tikunena mosapita m'mbali: screenshot si lisiti. Kaya ndi Airtel Money, MTN MoMo kapena Zamtel, umboni woti mwalipidwa ndi balansi imene mwaiona nokha pa foni yanu, mutaimba nokha kanambala kaja, katundu asanachoke m'manja mwanu. Wokuuzani kuti "netiweki ikuchedwa chabe, onani screenshot" ayembekeze netiweki pamodzi nanu.

Koma taonani kumene mfundo imeneyi ikupita ikatsatidwa bwino. Ngati chithunzi chimodzi chingapekedwe, mankhwala ake si kuletsa anthu kujambula. Mankhwala ake n'kuti ojambula achuluke. Mndandanda uja ukadajambulidwa ndi anthu khumi, m'mafoni khumi osiyana, wina wa Itel, wina wa Tecno, aliyense pa mphindi yake, ndani akadaima n'kunena kuti onsewo anapangana? Mwanayo anamugonjetsa chifukwa anali yekha. Wina anangoti "zimenezo ana amapanga pa foni", nkhani n'kuzizira. Amene amatiuza kuti screenshot n'njosadalirika ndi omwewonso amatchera kawotchi kofufuta mauthenga, kuti chodalirikacho chisapezeke n'komwe.

Anzathu a ku Malawi anationetsa mphamvu ya makope ambiri. Pa chisankho cha pa 21 May 2019 mapepala ena a zotsatira anafufutidwa ndi Tipp-Ex n'kulembedwanso. Nkhani inafika ku khoti, mapepala anayalidwa n'kufananizidwa ndi makope amene oimira zipani anasunga, ndipo pa 3 February 2020 oweruza anathetsa chisankho cha pulezidenti, anthu n'kuvotanso pa 23 June chaka chomwecho. Kwathu kuno pa 12 August 2021, tsiku lovota, WhatsApp ndi Facebook zinatsekeka masana, koma oimira zipani anali kujambula mapepala a GEN 20 pa malo ovotera, ndipo chithunzi chimene chili m'foni sichidikira intaneti kuti chikhalepo. Zimene zimagwira ntchito pa mpando wa pulezidenti zingalephere bwanji pa mndandanda wa anthu makumi anayi?

Lamulo nalo silinyoza umboni wa pa foni monga amaunyozera akuluakulu ena a m'magulu. Lamulo la Electronic Communications and Transactions Act la 2021 limati uthenga usakanidwe pa mlandu chifukwa chongoti ndi wa pa makina. Chimene khoti limayang'ana ndi mmene uthengawo unapangidwira, mmene unasungidwira, ngati sunasinthidwe, ndiponso ngati wotumiza akudziwika. Mawu akuti "mmene unasungidwira" ndiwo akutigwira pakhosi, chifukwa pamenepo ndi pamene ife eni ake timagwa.

Tisanafike pamenepo, tikumbutsane kumene tikukhala. Dzina la Kavalamanja limadziwika kunja chifukwa cha tsiku limodzi. Pa 6 March 1978, patangopita masiku atatu Ian Smith atasainirana pangano lake ndi atsogoleri ena a mkati mwa Rhodesia, asilikali ake anaoloka Zambezi ndi ndege ndi mahelikopita kudzaphulitsa msasa wa ZIPRA, gulu lankhondo la Joshua Nkomo, umene unali kuno. Anafa omenyera ufulu a Zimbabwe, anafa asilikali a Zambia, ndipo anthu a m'midzi ya Kavalamanja ndi Kakaro anathawa kusiya nyumba, nkhokwe ndi ziweto. Pa 17 March bungwe la chitetezo la United Nations linadzudzula kuukirako m'chigamulo chake cha nambala 424.

Tsono funani nkhani ya tsikulo m'mabuku ndi pa intaneti. Mudzapeza kuti oukirawo anaipatsa dzina lawo, Operation Turmoil. Mudzapeza mayina a magulu awo ankhondo, mitundu ya ndege zawo, ndi zimene asilikali awo anakumbukira atakalamba. Iwo anali ndi makamera, mataipi ndi mafayilo. Ambuya athu anali ndi maso ndi miyendo. Zimene anaona, mwana amene anabadwira m'thengo, nkhalamba imene inatsala chifukwa sinkatha kuthamanga, njala ya kumene anathawira, zonsezo zinasungidwa m'kamwa, ndipo pakamwa pamapita kumanda. Chaka chilichonse mwezi wa March tikasonkhana pa chikumbutso timaona kuti amene angaime n'kunena kuti "ndinaona ndi maso anga" akucheperachepera. Ife tonse amene tili m'zaka za m'ma 30 tinabadwa mfuti zitaleka kulira, ndipo zimene tikudziwa n'zimene tinatola pa moto madzulo.

Anthu a mudzi umenewu ndiwo ayenera kukhala omaliza pa dziko lapansi kuuza mwana kuti afufute chimene waona. Makolo athu sanasunge chifukwa analibe chosungira. Ife tili nacho, tikuchitchaja pa sola tsiku ndi tsiku, koma tikuphunzitsa ana kuti kusunga ndi mwano.

Tsopano tidzidzudzule tokha, poti nafenso ojambula tili ndi manyazi athu. Ma screenshot ambiri amene amafika pa tebulo la wailesi ndi zinyalala. Wina wadula pamwamba pamene pali nthawi ndi dzina la gulu, wadulanso m'mbali pamene pali wotumiza, watsala ndi mawu oyandama opanda mwini. Wina wajambula screenshot ya screenshot ya screenshot. Wina watenga foni yake n'kujambula galasi losweka la foni ya mnzake, nkhope yake ikuonekera pamwamba pa zilembo. Ndipo pafupifupi zonse zafika zitadutsa m'magulu asanu, zilembo zitasungunuka monga sopo wagwera m'madzi.

Kusungunukako kuli ndi chifukwa chake, si ufiti. Zithunzi za m'foni zimasungidwa makamaka m'mitundu iwiri ya fayilo. Mtundu wa JPEG, umene unakhazikitsidwa mu 1992, unapangidwira zithunzi za nkhope, mitengo ndi mitambo: umachepetsa kulemera kwa fayilo potaya tinthu tating'onoting'ono timene diso silizindikira pa chithunzi cha ukwati. Koma pa zilembo timene timatayidwato ndi m'mphepete mwa chilembo, ndipo nthawi iliyonse chithunzicho chikapanikizidwanso chimatayanso tina. Mtundu wa PNG, wa 1996, sutaya kadontho ngakhale kamodzi, n'chifukwa chake umayenera zolembedwa. Mafoni ena amasunga screenshot mu PNG, ena mu JPEG, ndipo ena amakulolani kusankha. Komano mukatumiza pa WhatsApp monga chithunzi wamba, chimapanikizidwa kuti chisadye bandulo. Akachijambulanso wina n'kutumiza, chapanikizidwanso. Pofika kwa munthu wachisanu 3 akuoneka ngati 8, 1 akuoneka ngati 7, ndipo K150 ndi K750 zasanduka mapasa.

Ife tinalawapo zimenezi pa mphepo, anthu akumvetsera. Tinalandira chidziwitso choitana anthu ku boma tsiku lakuti, chooneka bwino ndithu, koma chodulidwa mutu. Tinachiwerenga katatu. Anthu anadzuka nkhuku zisanalire, ena pa njinga, ena wapansi, m'njira imene aliyense akudziwa kuti njovu sizipempha chilolezo. Atafika anauzidwa kuti chidziwitsocho chinali cha chaka chatha. Wina anachifukula m'foni, nachitumiza ndi mtima wabwino, ndipo chifukwa chaka chinali m'mbali yodulidwayo palibe anazindikira. Mlandu umenewo ndi wathu, sitiukankhira kwa wina. Kuchokera tsiku limenelo chidziwitso chopanda tsiku, chaka ndi dzina la wotumiza sitichiwerenga, ngakhale chichokere kwa mlamu wa mkulu wa siteshoni.

Kusunga bwino sikufuna satifiketi. Pa mafoni ambiri a Android mumadina pamodzi batani lozimitsira ndi lochepetsera mawu, chithunzi n'kulowa mu foda yotchedwa Screenshots. Jambulani galasi lonse, osadula: nthawi ya pamwamba ioneke, dzina la gulu lioneke, wotumiza aoneke, ndipo ngati tsiku silikuoneka tsetserezani pang'ono mpaka lituluke. Uthenga ukakhala wautali jambulani kawiri kapena katatu, mzere womaliza wa chithunzi choyamba uzionekanso pa chachiwiri, kuti wina asadzati pakati munachotsapo. Foni imapatsa fayiloyo dzina lokhala ndi chaka, mwezi, tsiku ndi nthawi, ndipo manambala amenewo ndi mboni yachiwiri, musawataye. Mukafuna kulemba dzina lanu wonjezerani kumapeto kwake, monga "mndandanda woyamba". Chithunzi choyambiriracho musachilembe, musachizungulize ndi mzere wofiira, musaikepo kankhope koseka. Zokongoletsa chitirani pa kope.

Potumiza chinthu chofunika, musachitumize monga chithunzi. Dinani kachizindikiro kophatikizira, musankhe Document, mupeze fayiloyo. Ikatero imafika monga inachokera, ndi dzina lake lomwe, zilembo zili gwa. Imadya bandulo yochulukirapo pang'ono, inde, koma yochepa kuposa kavidiyo kamodzi ka munthu wovina pa TikTok.

A pa kompyuta nawo ali ndi dzenje lawo, ndipo ife tinagweramo kangapo pa kompyuta yakale ya ku siteshoni. Pa makompyuta akale ngati imeneyo, mukadina batani la Print Screen lokha, chithunzicho sichinasungidwe. Chili m'malere, chikudikira kuti muchimate penapake, ndipo mukakopa chinthu china kapena magetsi akathima, chapita. Pa Windows, mukadina batani la chizindikiro cha Windows pamodzi ndi Print Screen, pamenepo ndiye fayilo ya PNG imalowa yokha mu foda ya Screenshots, mkati mwa Pictures. Ena amamata chithunzi mu Word n'kuchikoka m'makona mpaka zilembo zitapindika, kenako n'kujambula kompyutayo ndi foni. Abale, chitsime chili pakhomo, mukukatunga matope kudambo chifukwa chiyani?

Kenako pali nkhani ya kumene fayiloyo imagona. Foni kuno ili ndi adani ambiri. Imagwa m'bwato pakati pa Zambezi. Imabedwa pa basi ya ku Lusaka. Ikazima, wokonza amati "tiifulashe", ndipo ikabwera yabadwanso, yopanda chikumbukiro. Mwana amaitenga kuti aseweretse, n'kudina kapulogalamu kotsuka kamene kamati zithunzi zakale ndi zinyalala. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ananena za munthu, osati za fayilo. Fayilo imafuna mapanga awiri, atatu n'kwabwinonso: m'foni, pa memori kadi kapena fulashi imene imakhala m'nyumba, ndi pa imelo imene mwadzitumizira nokha tsiku limene netiweki yakomera. Chimene chikukhudza munda, ngongole kapena malipiro, mukapita ku boma kachisindikizeni pa pepala, mulembe kumbuyo tsiku limene munajambula. Pepala silifuna tchaja.

Oti malo m'foni ndi ochepa sititaya nawo nthawi. Screenshot ya zolembedwa nthawi zambiri sifika ngakhale megabaiti imodzi. Tsegulani foda ya mavidiyo a WhatsApp muone zimene zadzaza foni yanu: maulaliki a mphindi 40 amene simunawamvetsere, ngozi za m'misewu ya maiko ena, maluwa a "mwadzuka bwanji" okwana munda. Malo alipo, anangokhalidwa ndi alendo.

Kwa amene ali ndi udindo wolemba, makalaliki, makomiti, aphunzitsi aakulu, oyang'anira magulu, pempho lathu si lolemera. Chidziwitso chilichonse chikhale ndi tsiku, chaka, dzina ndi udindo wa wochitulutsa, zolembedwa m'kati mwa chidziwitsocho kuti wodula asazidule mosavuta. Chitumizidwe monga fayilo, ndipo pepala lake limatidwe pa khoma monga kale, chifukwa ambuya a foni ya mabatani nawonso ndi nzika. Mukalakwitsa, poti kulakwa kulipo, musafufute. Siyani choyambacho pomwepo, mutumize chachiwiri, mulembe kuti tasintha dzina lakuti chifukwa chakuti. Mwina maina anayi aja anachotsedwa pa chifukwa chomveka. Mwina ena anali atalandira kale kwina. Ngati zinali choncho, chinavuta n'chiyani kunena? Wofufuta usiku ndiye amadzipangira yekha mbiri yoipa, ngakhale manja ake atakhala oyera. Ndipo kawotchi ka maola 24 kachotsedwe m'gulu lililonse limene mumadutsa nkhani za ndalama za anthu. Mu December 2023 dziko lino linapeza lamulo la Access to Information, lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata ku maofesi a boma. N'zomvetsa chisoni kuti pamene ku Lusaka akusaina lamulo lotsegula makabati, kumudzi tikuphunzira kuwotcha mapepala tisanawawerenge.

Tikudziwa kuti ena owerenga pano akuti a wailesi ayamba ndale. Mndandanda sudziwa chipani. Amene ali ndi cholembera lero mawa adzakhala pa mzere, ndipo tsiku limenelo adzafuna mwana wina amene anajambula. Wolemba woona mtima screenshot imamuteteza kuposa wina aliyense: akadzanamiziridwa kuti anachotsa dzina limene sanalichotse, chidzamupulumutsa ndi chithunzi chomwecho chimene lero akuchitcha mwano.

Za maina anayi aja, awiri anabwezeretsedwa patapita milungu itatu, mwakachetechete, popanda wonena chifukwa. Dzina la amai a mwana uja silinali pakati pa awiriwo. Iye mpaka lero sanabwezedwe m'gulu, ndipo foni imene anajambulira inafa chaka chatha, batire itatupa. Chithunzicho chilipo chifukwa tsiku lotsatira msonkhano anabwera nacho ku siteshoni, tinachikopera pa kompyuta ndi chingwe, osati pa WhatsApp, n'kuchiikanso pa fulashi. Ndicho fayilo yoyamba mu foda imene tinatsegula tsiku limenelo. Yachiwiri ndi mawu a ambuya ena a ku Kakaro, a mphindi 52, akusimba kumene anagona usiku wa pa 6 March 1978.